Malume Virgílio adavina kawiri ku Ntcheu

Malume Virgílio tawaika Loweruka lapitali ku Ntengo-Wambalame. Pamaliro anthu adakamba za ng'ombe zawo ndi za kutchalitchi, koma nkhani imene eni ake ankaikonda ndi iyi.

Malume adali mtsogoleri wa ngoma, gule wathu wa Angoni. Akaponda pansi, chishango chili m'manja, fumbi linkafika m'mphuno. Kusukulu sadapite patali, koma nyimbo zonse zidali m'mutu mwawo.

Chaka china kudabwera Dona Iolanda, a bungwe lina la ku Tete. Adati pali kandalama kothandiza magulu a magule a kuno ndi a ku Malawi kuti azichezerana. Athu ayambe kupita ku Ntcheu, kenako a ku Ntcheu abwere kuno. Adathandiza gulu lonse kupeza mapasaporti.

Malume adaseka. "Ku Ntcheu? Kumene ndimakagula mchere kuja?"

Tsiku litakwana adadzera njira yamasiku onse ya m'minda, mapasaporti atawakulunga m'pulasitiki kuopa mame. Adakavina ku Ntcheu kwa a Mose, amene adawasunga nthawi ya nkhondo. Potsanzika Malume adalonjeza pamaso pa mudzi wonse: "Setembro mubwera kwathu. Galimoto idzakutengani pakhomo."

Koma Dona Iolanda atatsegula mapasaporti aja adagwira mutu.

"Tio Virgílio, karimbu ali kuti? Mwadutsa pati?"

"Pamunda wa a Afonso."

"Nanga akuluakulu adziwa bwanji kuti mudapita dziko lina? Popanda chidindo cha pachipata cha boma, ndalama ya galimoto ya alendo situluka."

Apa mpamene padali nkhani. Kumudzi amayi adali ataviika kale chimanga cha chimera. A Mose ndi anzawo adali okalamba, mapiri a panjirapo sakadawatha wapansi. Ndipo Malume sadali munthu woti mawu awo nkugwa pansi.

"Ndiye vuto lili pati? Tikavinanso," adatero.

A Ilda, akazi awo, adawayang'ana. "Inu bambo, ndi miyendo iti? Si dzulo lomweli mumadandaula bondo?"

"Bondo limalira ndikakhala pansi, mayi. Ndikavina limakhala chete."

Adagulitsa mbatatesi zawo nkupeza shapa, minibasi ya kwathu kuno. Ulendo umene wapansi umatha dzuwa lisadatenthe, pamsewu wozungulira udawadyera m'mawa wonse. Pachipata alonda ataona madoda ovala zikopa ndi nthenga adati aponde pang'ono aone.

"Dindani kaye, ana anga," adatero Malume. "Ngoma siyamba karimbu asadalire."

Alonda adadinda mapasaporti onse, ndipo gulu lidawavinira pomwepo, magalimoto ataima.

A Mose atawaona akutsika shapa adadabwa. "Achimwene, mwaiwala chiyani?"

"Palibe. Tsiku lija tidabwera ngati abale, lero tabwera ngati alendo ochokera kunja. Gwirani nkhuku!"

Adavina mpaka dzuwa kupendeka, nkubwerera pachipata pomwe paja, nkudinditsanso. Pofika kunyumba bondo la Malume lidatupa ngati dzungu, koma m'mawa mwake adakwera shapa okha kupita ku Tsangano, kumene Dona ankafikira, kukapereka mapasaporti m'manja mwa Dona Iolanda.

Setembro galimoto idalowa m'mudzi ikuliza huta, a ku Ntcheu atadzaza. A Mose adatsika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Malume adawagwira mkono, nati, "Ndidati chiyani ine?"

Adavina masiku awiri. Thobwa lidatha tsiku loyamba, amayi mpaka kukapempha kumudzi wina.