Malaya Odukaduka a Mukash-ata

M'mudzi wa Kara-Bulak munalibe munthu amene anawaonapo Mukash-ata atavala malaya athunthu. Kutsogolo ankaoneka bwinobwino, mabatani onse ali m'malo mwake, koma akangotembenuka, kumbuyo kunali ngati kwadyedwa ndi mbuzi. Kwa zaka makumi atatu, mwana akayandikira kubadwa m'mudzimo, azimayi ankabwera ndi sizasi kudzadula kachigamba, poti kamalaya koyamba ka khanda amakasoka ndi nsalu ya munthu amene wakhalitsa pansi pano, kuti zaka zake zimuyambukire mwanayo. Pa nkhani ya kukhalitsa panalibe wopikisana nawo. Eni ake ankati ali ndi zaka 104. Chiphaso chinkati 101, koma iwo ankati kalaliki amene analembayo anali ataledzera.

Anabadwira m'hema wa ubweya kumapiri, anthu akadasamukasamuka ndi nkhosa. Anapita ku nkhondo ya Ajeremani nabwerako opanda zala ziwiri. Kenako anagwira ntchito imodzi yokha kwa zaka makumi anayi, yogawa madzi a m'ngalande ku minda. Tsiku lililonse ankayenda pa bulu, fosholo ili paphewa, kutsegula apa, kutseka apo, anthu akuwatukwana mbali zonse ziwiri. Mitengo italiitali ya m'mbali mwa ngalande anadzala ndi iwo. Akazi awo, mayi Burul, anawabalira ana asanu ndi awiri. Agalu amene anawetapo anali khumi ndi atatu, ndipo onse ankawatcha Aktosh, ati kuganiza dzina latsopano n'kutaya nthawi.

Mayi Burul anatsogola kalekale. Ana nawo anatsatira mmodzimmodzi, mpaka chaka chatha pamene wotsala yekhayo, Asanbek, anamwalira ali ndi zaka 77. Maliro atatha, mkuluyo anakana ndi malaya ake. Anayamba kuchapa okha n'kumayanika m'nyumba. Mayi wobwera ndi sizasi ankamwetsedwa tiyi n'kubwerera chimanjamanja.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala Jypar, mtsikana wokwatiwira m'mudzimo, mwamuna wake ali ku Moscow kokamanga nyumba za eni. Anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu. Mwana wake woyamba, wamwamuna, anangokhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Dokotala anati chinali chibayo, ndipo Jypar, amene sukulu anapita nayo patali ndithu, ankadziwa kuti chibayo sichifunsa kuti wavala chiyani. Koma apongozi ake, mayi Saira, anali ndi yankho lawo: khandalo linavala kamalaya ka m'sitolo, kopanda chaka ndi chimodzi chomwe m'kati mwake. Tsopano Jypar ankawerenga chilichonse. Mwana akagunda m'mimba ankawerenga. Akakhala phee kwa ola limodzi, ankawerenga mphindi.

M'mawa wina mayi Saira anamupatsa buledi wotentha ndi ketulo ya tiyi wamkaka, kenako anamulowetsa sizasi m'thumba la juzi.

"Kuzizira kwayamba, manja awo sangathenso kuchapa. Ukawachapire. Maso aja ali ndi ng'ala, ngakhale ng'ombe sangaione. Kachigamba kokwana chikhatho basi."

"Amayi, kumeneko si kuba?"

"Kuba zaka? Akuchita nazo chiyani?"

Anawapeza atakhala pa benchi pothera dzuwa, chipewa choyera chili kumutu, galu atagona pa mapazi awo.

"Ndani ameneyo akuyenda ngati bakha?"

"Ndine, Ata," anatero Jypar, poti onse ankawaitana choncho, kutanthauza agogo.

"Oo, kelin wa kwa Saira." Umo ndi mmene akulu amamuitanira mkazi wokwatiwira m'mudzi. "Khala pansi usandiberekere pabwalo."

Jypar anawathirira tiyi n'kumawayang'ana. Anali asanakhalepo nawo pafupi chonchi. Ankanyema buledi ndi zala zitatu, kumuviika, kudikira afewe, kenako kumeza atatsinzina. Khungu la pa manja linali lopyapyala ngati la khanda. Makutu okha ndi amene anakula osaleka. Anafuna kudziwa kuti munthu amamva bwanji m'thupi lotere, ngati zaka zimalemera m'miyendo kapena pamtima.

"Ata, bambo a kwathu ananditumizira kanema pa foni. Akuti madokotala akunja akufunafuna mankhwala oti munthu azifika zaka 150."

Mkuluyo anatsamwa ndi tiyi. "Zingati?"

"150."

"Ndiye kuti ine kwanditsalira 46? Wandilakwira chiyani mwana iwe? Zikhadabo za kumapazi azindiwenga ndani, madokotalawo?"

"Akuti munthu azikhala wamphamvu, mano onse alimo."

"Mano ndiye ndingalandire. Nyama ya nkhosa ndimailota." Anapukuta ndevu. "Nanga akumwetsa onse, kapena mmodzi pamudzi?"

"Sananene."

"Ukawafunse. Nkhani yagona pamenepo."

Jypar anapempha malaya oti achape. Mkuluyo anamuuza kuti ali pa msomali kuseri kwa chitseko. Jypar anachapa m'beseni pakati pa bwalo. Anayanika pa chingwe, anayang'ana ku benchi. Mutu wa mkuluyo unali utawerama, chipewa chitaphimba maso. Anatulutsa sizasi pang'onopang'ono n'kuitsegula.

Kwii!

"Sizasi ya Saira imeneyo," anatero Mukash-ata osadzutsa mutu. "Inkalira choncho ngakhale tsiku limene anadzadulira mwamuna wakoyo. Ukamuuze aithire mafuta."

Jypar anaima njo. Akanatha kuthawa, koma ndi mimba imeneyo akanafika kuti?

"Bwera kuno, wakuba iwe. Aktosh, msiyire malo."

Anakhala kumapeto kwa benchi, sizasi ili pamiyendo.

"Ukudziwa chimene ukufuna kumubera mwanayo?" anafunsa. "M'mudzi muno mulibe munthu amene angandiitane kuti Mukash basi. Aliyense Ata, Ata, ngati ndine phiri. Ndikanama za kale palibe wonditsutsa. Bodza lopanda wokutsutsa silikoma, kelin. Burul akanakhalapo bwenzi atandiponyera kale supuni."

"Ndiye palibe chokoma chilichonse?"

"Chilipo, ndiye vuto lake. Tiyi woyamba wa m'mawa akadakoma. Maapozi akapsa ndimamva fungo ndisanadzuke. Ndimati ndione kaye chaka chino, kenako china chija chafika." Anasisita mutu wa galu. "Koma chaka chatha ndinaika m'manda nkhalamba ya ndevu zoyera, yoyendera ndodo. Anthu ankati yafa bwino, yakhuta masiku. Ine ndi amene ndinaiphunzitsa kuyenda, pabwalo pompano, itagwira chala ichi. Unene wekha, zimenezo n'zoti ndizigawira makanda?"

"Wanga anakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi," Jypar anatero. "Sanafike ngakhale pomwetulira. Ngati zakazo zikukulemerani, Ata, si mungotula pang'ono kuno?"

Madzi ankadontha kuchokera ku malaya pa chingwe, tho, tho, pa fumbi. Jypar anayesa kumuona mwana wa m'mimbayo atakalamba: makutu aakulu, maso oyera, ali pa benchi yekha, amayi ake atayiwalika, ana ake omwe ali m'manda. Anali asanaganizepo za mantha amenewo. Miyezi yonseyi ankangoopa mbali imodzi. Mwana anagunda kawiri pansi pa nthiti.

"Chabwino, tiye tikambirane ngati pa msika wa nkhosa," anatero Mukash-ata. "Ukufuna zingati?"

"Zonse."

"Dyera! Tsika."

"Zana."

"Wamva zimene ndanena, kapena ndimalankhula ndi galu?"

Jypar anaganiza nthawi yaitali. "Ndikufuna kuti iyeyo adzandiike ine. Iyenso adzaikidwe ndi ana ake. Kuchuluka kwake sindikudziwa."

"Ehee. Wayankhula ngati wogawa madzi. Munda wa kumtunda umwe, kenako wapakati, kenako wakumunsi. Madzi akadumpha mzere, anthu amatemana ndi mafosholo." Anagwira ndodo. "Ndidzutse. Ayi, usandikoke, ungabereke. Gwira chigongono."

M'nyumba munali bokosi lamatabwa lokhala ndi maluwa ofufutika. Anamuuza kuti afufuze pansi penipeni, kudutsa mabulangete ndi mamendulo a ku nkhondo. Anatulutsa malaya oyera amene anali atayamba chikasu m'mopindidwa. Jypar anawatembenuza. Kumbuyo kunali kwathunthu.

"Anasoka Burul. Ndinavala pa ukwati wa mwana wathu wotsiriza. Tsiku limenelo onse asanu ndi awiri analipo, akukangana za nyama, mayi awo akuwakalipira. Ndinali ndi zaka 68. Kapena 65, ukamvera chidakwa chija. M'malaya amenewa mulibe maliro a mwana ngakhale amodzi. Dula."

Jypar anagwira nsaluyo osaidula. "68 zokha, Ata? Si zochepa zimenezo?"

"Taonani munthuyu! Wabwera kudzaba, wapatsidwa, ndiye akuti zachepa." Anaseka mpaka kutsokomola. "Kamalaya ka khanda amakapinda m'mphepete kodi?"

"Ayi. Amakasiya choncho."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Kumunsi n'kotsegula. Zikadzamuchepera adzaonjezera yekha, ngati adzazifune. Ine sanandifunse."

Sizasi inalira kwii kachiwiri, ndipo ulendo uno Jypar anadula chigamba chachikulu, cha msana wonse.

Mayi Saira atamva anamenya m'manja. "Munthu ali ndi zaka zana ndi zinayi, iwe ukubwera ndi 68? Ukanapita kwa aphunzitsi opuma aja, ali ndi 80!" Anakana kusoka. Jypar anasoka yekha, misoko ili kunja kuti isamukande mwana, m'mphepete osapinda. Kuchipatala nako sanaphonye tsiku, ndipo nambala ya dalaivala wa ambulansi anailemba pa khoma pafupi ndi bedi.

Mwana anabadwa sabata imene chipale chofewa chinayamba kugwa, wamkazi, wa mawu aakulu. Monga mwa mwambo, kamalayako anayamba akaveka galu kuti zoipa zitsalire kumeneko, ndipo Aktosh wa khumi ndi chitatu anaima moleza mtima ngati wazolowera. Mayi wa khanda satuluka mpaka masiku makumi anayi atakwana, choncho Jypar ankangokhala pafupi ndi windo, khutu lili pa mpweya wa mwana. Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi sanadye kanthu.

M'mawa mwake mwana anadzuka ndi njala yoopsa. Jypar akuyamwitsa, chala chake chikuseweretsa ulusi wa m'mphepete mwa kamalaya, anamva ndodo ikugogoda mpanda monga inkachitira m'mawa uliwonse.

"Kelin! Angati lero?"

Anatsegula windo pang'ono, atamuphimba mwana kumutu.

"Makumi awiri, Ata!"

"Akubwera, akubwera. Umuuze asathamange. Ndipo Saira atumize tiyi, wa dzulo uja anali madzi okhaokha."