Mubwera Liti?

Mawu anga ndi aakulu, zimenezo sindikana. Ndikaima pamchenga pa Kande kuitana bwato, a ku Bandawe ankacheuka. Sukulu ndinalekeza pa a, e, i, koma khoka silinkatuluka m'madzi ine ndisanayambitse nyimbo.

Mawu omwewo ndiwo anandithawitsira mkazi. Akanyamula dengu kukaviika chinangwa, ine pakhomo: "Mukupita kuti? Mubwera liti?" Akafika pamtengo wa mango uko, ndibwerezanso. Kumadzi chimodzimodzi, kumaliro chimodzimodzi. Tsiku lina anamanga nsalu zake nabwerera kwawo ku Mpamba. Anati makutu atopa.

Nditatsatira ndinapeza mlamu wanga, mlongo wake wa mkaziyo, atangobwera kuchokera ku Joni kumene ankakolopa m'chipatala cha odwala misala.

"Alamu, tsitsaniko mawu, nkhuku zasiya mazira," anatero.

"Ndimo ndinabadwira!"

"Palibe amabadwa akufunsa kuti mubwera liti. Madokotala a kujaku amati munthu wamkulu ndi nyumba chabe, wokhalamo ndi kamwana. Chimene chinakapweteka kalekale mwini wake amaiwala, koma kamwanako sikaiwala, kamangogogoda. Inu alamu, anakusiyani ndani?"

"Nzeru zotola pokolopa izo!" ndinatero. Ndinaseka mpaka apongozi anatuluka m'nyumba. Mkazi wanga sanatuluke.

Ndinabwerera ndekha. Bambo anga ndinali nditaleka kale kuwaganiza. Anatuluka m'mawa wina ndi kamtolo pamutu, ine mano a kutsogolo asanaguluke. Nditafunsa, amayi anati, "Apita kukaona makoka, abwera pompano." Pamenepo munthu akupita ku migodi. Anachona, ngakhale manda awo sitiwadziwa. Ine ndinkaima pamchenga kukuwira bwato lililonse, kuitana bambo, "Adaaa!" Ndinkayesa sakundimva chifukwa mawu achepa, ndiye mawa lake ndinkawonjezera. Akuluakulu ankaseka, nkundiponyera usipa, ati mwana uyu ali ndi chifuwa cha ng'ombe. Ine nkumanyadira.

Sindikunena kuti mlamu ananena zoona, ayi. Madokotala akewo bambo anga sanawaonepo, ine sanandionepo, Kande sakudziwa kumene ali. Koma nyumba inali zii, moto wosakoleza, ndipo ndinadzipeza nditaima pakhomo kukamwa kuli yasa, wofunsa palibe.

Ndinabwereranso ku Mpamba. Mkazi wanga ndinamupeza akusinja chinangwa kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pansi, ndinalankhula chapansipansi monga amachitira anthu ena.

"Amayi, tiyeni kwathu."

"Mwati chiyani?"

Ndinabwereza, osakweza. Anaimika munsi.

"Mukudwala kodi?"

"Ndatopa."

Ananyamulanso munsi uja. "Inenso," anatero, napitiriza kusinja. Mlamu anali pakhonde akunamizira kusoka nsapato, phewa likugwedezeka ndi kuseka. Ndinamusiya, mphamvu yomutukwana ndinalibe.

Ufa utauma mkazi anabwera. Kaya mlongo wake anamuuza chiyani, sindinafunse. Chiyambire pamenepo akanyamula dengu amayamba yekha: "Ndapita kudambo, dzuwa likafika apa ndibwera." Amanena ngati akuuza mwana, ndipo zimandinyansa, munthu wa imvi ngati ine. Koma ndimatseka pakamwa. Ndimapirira mpaka afike pamango paja. Akapitirira, masiku ena mawu amangotuluka okha, ndipo iye sacheuka, amangokweza dzanja.