Tsiku Limene a Jeke Anatsitsa Galimoto

Alamu anga, amuna a achemwali anga, anthu amawatcha a Jeke. Dzinali silinabwere chifukwa cha mphamvu ayi, poti ndi munthu wamfupi, wochepa thupi, woti mphepo ikakula umafuna kumuuza kuti agwire mtengo. Linabwera chifukwa cha ntchito. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, m'galaja yawo ya malata kuseri kwa malo okwerera basi, akhala akukweza galimoto. Alimi, ogula mbewu kumidzi, madalaivala a zipatala zakutali, onse amene misewu yawo ndi maenje okhaokha, ankabwera kwa iwo. Galimoto inkalowa mimba ili pafupi ndi dothi, n'kutuluka itaima njo, moti mbuzi ikanatha kudutsa pansi pake osawerama.

Ine ndimasoka mipando ya galimoto, ndipo kachipinda kanga kagundizana ndi galaja yawo. Moyo wawo ndauonera pazenera, singano ili m'manja. Amafika ena onse asanatsegule, amayala masipanala pa saka motsatana kukula kwake, ndipo ukabwereka imodzi n'kuibweza posayenera, ulaliki wake umafika masana. Tepi yoyezera sichoka m'thumba mwawo. Ku ukwati wa mwana wawo wamkazi anapita nayo m'jekete, ndipo ndinawapeza akuyeza mwendo wa tebulo imene inkagwedera. Sakhulupirira maso, sakhulupirira mawu a munthu, amakhulupirira mainchesi basi.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi galimoto zotsitsa. Itabwera fashoni yodula masipuling'i kuti galimoto izikwawa pansi, alamu ankachita kulavula. Munthu akabwera kudzapempha ntchito imeneyo, sankadzuka n'komwe pamene agona.

"Mukufuna galimoto kapena kamba?" ankatero ali kunsi kwa injini. "Pitani kwina, achimwene. Kuno sitipundula galimoto."

Yawo inali yaitali kuposa zonse, chigalimoto chakale cha makomo asanu chimene anagula kwa omanga misewu chitatopa kale. Anachikweza okha ndi mainchesi anayi. Achemwali ankachitcha mkazi mnzawo, poti Lamulungu masana alamu ankachisambitsa ndi sopo pamene iwo akudikira kuti apite kocheza. Koma achemwali nawonso ankachikonda, ndisanamizire. Anali mayi wathupi, wamawu, wogulitsa mbale ndi makapu, ndipo ankakwera kamodzi n'kamodzi, dzanja lina litagwira diresi, lina likulozabe munthu amene akumukalipira. Malo awo anali kutsogolo, pambali pa amuna awo, ndipo ngakhale mlendo wolemekezeka bwanji ankakhala kumbuyo.

Chaka chatha, m'mawa wina akusesa pakhonde, achemwali anagwa. Inali sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafooka, koma pakamwa Mulungu anapasiya. Atakhala m'chipatala milungu itatu anawatulutsa, ndipo vuto linayambira pabwalo loimika galimoto. Mwendo sunafike pakhomo la chigalimoto chija. Anachita kuwanyamula amuna anayi, alamu, mlonda ndi anthu awiri odutsa. Diresi inakwera mpaka m'ntchafu, wina mwa odutsawo n'kunena kuti, "Koma mayiwa ndi katundu!" Anthu anaseka. Ine ndinamutukwana, koma mawu anali atalowa kale. Titawatsitsa kunyumba, achemwali anangoti, "Galimoto iyi sindidzakweranso."

Adokotala anali atanena momveka kuti azipita ku mafizo, kokalimbitsa mwendo ndi mkono, kawiri pa mlungu, apo ayi mwendo udzauma ndipo sadzayendanso. Koma msewu wokwera kunyumba kwawo ndi wa miyala ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula, galimoto yaing'ono siyerekeza. Yokhayo yofika pakhomo inali imene anaikanayo. Tinawachonderera, ana anaimba mafoni, ine ndinafika powakalipira ngakhale ndine wamng'ono. Iwo ankangoyankha kuti, "Iwe, ndinanyamulidwa kamodzi, kwachiwiri mudzandinyamula ndili m'bokosi." Inatha miyezi inayi asanatuluke pageti. M'nyumba ankayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, koma phazi linayamba kupindikira m'kati, ndipo ine ndinkachita mantha ndikamaliona.

Alamu si munthu wodziwa kuchonderera. Tsiku lina anabwera ndi matabwa, n'kuwasanja pakhonde pafupi ndi nsanamira, ati akufuna kuona ngati ndi olimba. Anapempha akazi awo kuti apondepo. Achemwali anagwira nsanamira ndi dzanja lamanja, n'kukweza phazi lamanja pa thabwa limodzi, kenako awiri, kenako anayi, mpaka pamene linakanira. Alamu anatulutsa tepi, n'kulemba pachikhatho. Anakayeza khomo la galimoto, n'kupeza kuti latalika ndi mainchesi asanu ndi awiri. Mawa lake anayenda wapansi msewu wonse akuyeza miyala, iwiri yotalikitsa n'kuizula ndi chitsulo.

Lolemba ndinaona chigalimoto chija chili pa majeke m'galaja, matayala onse atachotsa. Ndinasiya makina n'kupita kukaima pakhomo.

"Alamu, mukuikwezanso? Mukufuna izifika kumwamba?"

"Ndikuitsitsa," anatero osandiyang'ana.

Sindinaseke. Ndikanatha, poti mwayi woseka alamu sindiuphonya, koma tsiku limenelo ndinangobwerera ku makina anga.

Anaigwira ntchitoyo mwa njira yawo, mosathamanga. Sipuling'i sanadule ndi imodzi yomwe. Kutsogolo ndi kumbuyo komwe anamasula mabawuti n'kuchotsa zitsulo zokwezera zimene anaikamo okha zaka makumi awiri zapitazo. Mabawutiwo anali atagwirana ndi dzimbiri, moti anawathira mafuta masiku awiri asanalole. Pamenepo anapeza mainchesi anayi. Masipuling'i akumbuyo ndi a zitsulo zosanjikiza zopindika, ndiye anawamasula, n'kumamenya chitsulo chimodzichimodzi ndi hamala kuti kupindika kuchepe, akuyeza pa mzere umene anajambula ndi choko pasimenti. Akutsogolo, ozungulira aja, anayenda m'malo atatu ogulitsa zitsulo zakale kufunafuna aafupi koma olimba mofanana. Apo panatuluka mainchesi awiri. Inchesi yotsala anaipeza pa matayala ang'onoang'ono. Kenako anasintha mashoko, aja oletsa galimoto kudumphadumpha, kuika aafupi, anawongola matayala akutsogolo ndi chingwe, anakonzanso magetsi kuti aziunika poyenera. Pomaliza anaika matumba awiri a mchenga pampando wakutsogolo kuti ayeze galimoto italemedwa.

"Musakawauze achemwali anu kuti anali awiri," anandinong'oneza.

Lachisanu la mlungu wachiwiri anabwera wamatayala, mnzawo wakalekale, kudzapereka matayala aja. Ataona galimoto itakhala pansi anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"A Jeke! Inu amene! Lero mwapundula yanu yomwe?"

Alamu anaika sipanala pansi pang'onopang'ono. Sanakwiye, koma nkhope yawo inagwa. Wamatayala anakumbukira mochedwa za amene ali kunyumba, n'kuvula chipewa.

"Pepani, akulu. Pakamwa panga ndi pamene pandipweteka."

"Mawuwo ndi anga," anatero alamu. "Ndinkawanena ndine, inu mwangondibwezera. Tiyeni tiike matayalawa."

Kuchokera tsiku limenelo sindinawamvenso akutchula mawu amenewo, ngakhale ponena za galimoto.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku la mafizo. Ndinalawirira kukawaveka achemwali, osawauza chilichonse, kungoti atuluke aone. Anaima pakhonde ndi ndodo yawo, n'kuiyang'ana galimotoyo nthawi yaitali. Inkaoneka yachilendo, ngati munthu wamtali amene wakhala pa mpando wa ana.

"Bambo, mkazi mnzangayu mwamutani? Wagwada?"

"Wagwadira inu, mayi," anatero alamu, akupukuta manja amene anali oyera kale.

Achemwali anaseka, koyamba m'miyezi inayi, ndipo anatsika pakhonde okha. Alamu anatsegula khomo lawo la masiku onse, lakumanzere. Apa ndi pamene zinavutira. Munthu wolowera khomo limenelo amatsogoza mwendo wamanja, thupi lonse n'kutsamira pa wamanzere. Chitseko chogwira nachonso chimakhala kumanzere, ku dzanja lofooka. Atangonyamula phazi, bondo linapindika, ine n'kuwawakha. Anayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Thukuta linatuluka pamphumi.

Mukuganiza kuti alamu anachita chiyani? Anatulutsa tepi. Anagwada n'kuyezanso khomo, n'kuyang'ana manambala awo.

"Koma mainchesi ake ndi omwewo," anatero ndi mawu aang'ono. "Sindinaphonye olo pang'ono."

Ine mtima unandiwawa, ndipo ndikapwetekedwa mtima ndimakalipa.

"Alamu, mwayeza galimoto, mwayeza phazi, mwayeza miyala ya mumsewu. Nanga nsanamira ija munaiyeza? Pakhonde paja ankaimira nsanamira, osati mwendo!"

Anakhala chogwada, tepi ili lende m'manja. Milungu iwiri ya hamala ndi dzimbiri, n'kuiwala chinthu choti mwana akanachiona. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinawakwiyira. Patapita kanthawi anadzuka n'kunena kuti mwina ayese khomo lakumbuyo, mbali inayo, kumene mwendo wolimba ndi umene ungatsale pansi.

"Kumbuyo?" anatero achemwali. "Zaka zonsezi ndakhala pambali panu, lero mundiike kumbuyo ngati mbale zogulitsa? Iwe, ndisiye. Ndati ndisiye!"

Ndinawasiya, ndikuganiza kuti akubwerera m'nyumba, ndipo ndinadziwa kuti akalowa sadzatulukanso. Koma sanatembenukire kukhonde. Anandipatsa ndodo, anaika dzanja lamanja pa boneti, n'kuyamba kuzungulira kutsogolo kwa galimoto, phazi lina likukwekwereza fumbi. Kale boneti imeneyo inkawafika pachifuwa, tsopano inali poti dzanja n'kutsamirapo bwino. Anapuma pa getsi loyamba, anapumanso pa lachiwiri. Alamu ankawatsatira m'mbuyo manja ali m'malere, osayerekeza kuwakhudza. Khomo lakumbuyo sanaliyang'ane n'komwe. Anaima pa khomo la dalaivala.

"Tsegulani."

Alamu anatsegula. Achemwali anaima nji pa mwendo wamanja, anagwira bondo lamanzere ndi dzanja n'kuliponya m'kati, kenako anagwira chiwongolero n'kudzikoka. Phazi linalowa popanda kukodwa, mainchesi aja anali oona ndithu. Anakhala pampando wa dalaivala akupuma mwamphamvu. Mpando wakutsogolo wa galimoto imeneyo ndi umodzi wautali, ndiye anayamba kudzikhuthula pang'onopang'ono kupita mbali yawo. Alamu anapinda msana n'kukankhira giya kutsogolo kuti miyendo idutse. Zinatenga nthawi. Atafika pamalo pawo anakonza diresi pamaondo, n'kuyang'ana kutsogolo.

"Nanga mukudikira chiyani? Kapena ndiyendetse ndekha?"

Ine ndinakwera kumbuyo ndi ndodo, misozi ili mbwembwembwe, ndikunamizira fumbi. Alamu analiza injini. Pageti pawo pali kamtunda ka simenti kotchinga madzi a mvula, kamene m'kuyeza konse kuja sanakaganizire, poti chigalimotocho chinkangokadutsa osakamva. Polowa, galimoto inali ndi alamu okha, ndiye sinakakhudze. Matayala akutsogolo anadutsa bwino. Kenako kunsi kunamveka khwee, chitsulo chikukhula simenti, phokoso loti makaniko aliyense limamulasa mumtima. Phazi la alamu linapita pa buleki, dzanja lili kale pachitseko kuti atsike akasuzumire.

"Bambo," anatero achemwali osatembenuka, "mukaima, ine nditsika."

Alamu anayang'ana akazi awo, n'kuchotsa dzanja pachitseko. Anaponda mafuta, galimoto inakhula mpaka kumapeto, ndipo tinatuluka pageti.