Madala a pachitsime cha kudambo

Chiyambire nkhondo ya kumalire, bwato lawo langogona pamtunda, ndiye madala amene ankawolotsa anthu kupita ku Zumbo tsopano atembenukira azimayi a pachitsime cha kudambo. Chitsimecho ndicho mudzi wonse ukudalira, popeza kumtsinje kumalira mfuti. M'mawa uliwonse madalawa amalawa madzi, kenako n'kuyamba kukalipa. Wochapira pafupi amamupirikitsa, mbuzi amazigenda. "Madzi amayenda pansi pa nthaka, ana inu," amatero mpaka makutu kuwawa.

Tsiku lina kunabwera lole ndi amuna a mafosholo kudzakumba kudambo komweko timiyala tokonzera mseu wa asilikali. Dzenje lawo litayamba kutuluka madzi, madala anatsetserekeramo n'kukhala pansi m'matope.

"Tulukani, atate," anatero kapitawo wa amunawo. "Chitsime chanu chili uko, ife tikukumba kuno."

"Mwana wanga, madzi ndakhalirawa ndi omwewo amene mwamwa m'mawa. Dizilo wa lole yako akadonthera muno, mudzi udzamwa chiyani? Kakumbeni kuchitunda kouma."

Kapitawo ananyengerera, anaopseza, mpaka dzuwa linapendeka. Potsiriza anatopa, nalamula anthu ake kuti akwirire dzenjelo, lole n'kulowera kuchitunda.

Azimayi anathamanga ndi ndowa kuti madala asambe matope aja. Iwo, m'malo mothokoza, anakwinya nkhope.

"Osati pano. Mukufuna litsiro langali mulimwe mawa?"

Ndowa yodzazayo azimayi anaisenza mpaka kumudzi, madala ali patsogolo, akudandaula kuti akutaya madzi m'njira.