Mwawaledzeretsa bambo anga pa disiki

Inu a shopu ya makompyuta ija pa Mponela, mwawaledzeretsa malemu bambo anga. Ndikulemba pano kuti onse amve.

Bambo anali mkulu wa mpingo kwathu ku Kasakula. Mowa sanaulawepo. Ngakhale thobwa likagonera, ankalikana. Kanema wawo alipo mmodzi yekha, tepi ya ukwati wa mlongo wanga. Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza chawo. Abale anati tepiyo isamutsidwire pa disiki, adzukulu awaone agogo awo akuyenda.

Ndinapita nayo. Mwini shopu anati ndi kantchito kochepa, ndibwere Lachinayi. Lachinayi ndinapeza potseka. Lachisanu anandipatsa disiki, tepi n'kutsala komweko. Ndinati tiyese kaye. Anati palibe chifukwa, iwo ndi akatswiri.

Kunyumba tinaika. Azakhali analipo. Analiponso a Mbewe, mkulu wa mpingo mnzawo wa bambo, amene adzayankhule pa chiliza.

Pa kanemapo, bambo ali chiimire, bwinobwino. Atangoponya phazi, njenjenje! Patsogolo, pambuyo, patsogolo. Akakweza dzanja, dzanja likumera mano ngati chipeso. Pofika pa perekaniperekani ndiye basi, ngati munthu wochokera ku kachasu.

Mwana wanga wamkazi anafunsa, "Ababa, kodi agogo ankamwa?"

Azakhali anati, "Ine ndinkakayikira kale. Tsiku lija achimwene anasowa pang'ono nthawi ya chakudya."

Ndinati aonetsetse, abusa nawonso akunjenjemera, kwaya yonsenso.

"Ndiye kuti unali mgolo," anatero azakhali.

A Mbewe anaimirira. Anatenga chipewa chawo n'kumapita.

Lolemba ndinabwerera ku shopu. Anati vuto ndi TV yanga. Tinaika pa yawo. Njenjenje. Kenako anati anthu akale ankayenda choncho. Inetu ndine wakale. Ndikuyenda choncho?

Nditawapanikiza ananena zoona. Akuti tepi imasunga chithunzi chilichonse m'magawo awiri, mizere yolumphana. Gawo lina limatsogola, lina n'kutsatira. Kompyuta yawo inatsogoza lotsatira, n'chifukwa chake aliyense akasuntha akubwerera m'mbuyo pang'ono. Akuti pali pongosankha. Iwo sanayang'anepo. Akatswiri amenewo!

Waganyu akandisokonezera mizere m'munda wa fodya, amabwereza. Ndinati bwerezani. Anati zimene anakopa mu kompyuta anafufuta kale. Makina oseweretsa tepi anali obwereka kwa munthu wa ku Dzaleka, anabweza. Akuti ndidikire mwezi wamawa. Chiliza chidikirenso mwezi wamawa? Abale ochokera ku Nachisaka ndiwabweze?

Anandilangizanso. Akuti ndingouza anthu kuti bambo ankavina. Bambo anga? Kuvina? Munthu amene ngakhale kuwomba m'manja m'tchalitchi ankaona ngati phokoso?

Enanu amene muli ndi matepi akale, musachoke pa shopu musanaone disiki. Musaone munthu ataima. Muone akuyenda.

Tsono inu a shopu, mverani. Tepi ili ndi inu. Ku Dzaleka si kunja kwa dziko, njinga zamoto zilipo. Lachisanu ndikufuna bambo anga akuyenda mowongoka. Mukalephera, Loweruka muvale jekete, mubwere ku Kasakula. Mudzaime pa chiliza pamaso pa a Mbewe ndi azakhali, mudzanene ndi pakamwa panu kuti amene analedzera ndi kompyuta yanu. Mpando ndikusungirani kutsogolo.