Manja a Nyachisi

Nyachisi amaphikira ana ogonera pasukulu yathu ya osamva, kummwera kwa Mzimba kuno. Dzina lake ndi Loyce, koma palibe amamutchula choncho. Ndi mayi wamfupi, wosaseka wamba, ndipo ukamulakwira amasunga. Ine ndimaphunzitsa masamu pomwepo, ndipo ndineneretu kuti ndinali mbali yake.

Anakwatiwa ku Euthini ndi Yoram, ng'ombe za malowolo n'kuperekedwa bwinobwino. Mwana woyamba, Towera, anayamba kuyenda koma osacheuka akamuitana. Akuchimuna anati mbewu yotere ndi ya kwa akazi, kwawoko kulibe. Yoram anali ku Joni, ndipo anathetsa banja pafoni ngati akuletsa katundu. Abale ake anapita kukatenga ng'ombe zawo masana, tsiku la msika, kuti aliyense aone. Kuno mwana amakhala wa amene anapereka ng'ombe, ukatenganso malowolo wabweza mwana kuchikazi. Iwo ankadziwa zimenezo, ndipo sizinawadandaulitse.

Nyachisi anafika kwathu pa kabaza, mwana ali pamiyendo. Makolo timawaphunzitsa kulankhula ndi manja Loweruka, koma ambiri amabwera kamodzi n'kusowa. Iye sanaphonyepo. Ankayeserera zala pokanda mandasi, podikira madzi pamjigo, mpaka anthu a kwawo ku Manyamula anati wazungulira mutu. Malo a wophika atapezeka, anamupatsa iyeyo.

Towera anativutitsa poyamba. Ankatsina anzake, kubisa choko, kugona pa desiki. Tinkati ndi mwano, pomwe mwanayo amamaliza masamu ine ndisanatsirize kulemba pabolodi, kenako n'kusowa chochita. Mwana wothamanga amafuna chisamaliro chakechake ngati mmene amafunira wotsalira, koma ife tinkangoona makutu. Nditamupatsa buku la kalasi yapamwamba, kutsina kunatha. Atalemba mayeso a sitandade eyiti anasankhidwa kupita ku sekondale yaboma yogonera konko, ataposa ana akumva a sukulu zoyandikana nafe.

Mbiri inafika ku Euthini, ndipo mwadzidzidzi mbewu ija inakhala yawo. Yoram anabwera ndi galimoto ya nambala ya ku Joni, jekete lachikopa dzuwa lili phwee. Ankafuna kuti mwanayo atenge chiwongo chake ndipo azikakhala kwawo patchuthi. Ndinapsa mtima pomuona, sindibisa. Ahedi anati mtsikanayo ndi wamkulu, ayankhe yekha, ndipo anandiitana kuti ndimasulire.

Nyachisi anandiletsa pakhomo la ofesi, akunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka. "Yewo, asambizgi, khalani pansi. Mwana ndi wanga, ndimasulira ndine."

Yoram anagwira chipewa ndi manja onse awiri. "Ndapota, Nyachisi, muuzeni kuti ndine dada wake. Ndinalakwa chomene."

Nyachisi anamasulira zonse, osachotsapo kanthu. Towera anamuyang'ana bamboyo nthawi yaitali, kuyambira nsapato mpaka kumutu. Kenako manja ake anayankha pang'onopang'ono, ndipo ine ndinawawerenga bwino lomwe. Anati wakhala akufuna kuona nkhope imeneyi kuyambira ali wamng'ono. Anati ngati bamboyo angalole kuphunzira manja, amuphunzitsa yekha.

"Akuti chiyani?" anafunsa Yoram.

Nyachisi anapukuta zala pachitenje. Ndikhulupirira kuti tsiku limeneli analidikira kuyambira pamene ng'ombe zija zinadutsa pamsika.

"Akuti dada wake anamwalira kalekale. Inu sakukudziwani, ndipo musadzabwerenso. Mbwenu."

Yoram sanandifunse, ine sindinadzipereke. Anakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Munthu amene anakana mwana chifukwa chosamva anaima pamenepo ali wosamva iyeyo, mwana wake akumuitana pamaso pake. Anavala chipewa n'kutuluka, ndipo mtima wanga unati zamukwana.

Nyachisi anatembenukira kwa mwana wake n'kumuuza ndi manja kuti bamboyo wakana, akuti alibe nthawi.

Towera sanalire. Sanayang'anenso manjawo, maso ake anali pakamwa pa mayi ake. Apo m'pamene ndinazizidwa. Mwanayu wakula akuyang'ana milomo imeneyo, ndipo amaiwerenga kuposa buku lililonse limene ndinamupatsapo. Anali ataona zonse zimene mayi ake ananena.

Nyachisi anapambana. Yoram sanabwerenso, ndipo chiwongo cha mwana sichinasinthe. Towera ali ku sekondale, akukhozabe. Patchuthi amabwera, amasesa, amatunga madzi, amathandiza kukhitchini. Koma akafuna kulankhula ndi mayi ake amangonena za sopo ndi mchere, akatha amapinda manja. Nyachisi akakweza ake kuti afotokoze, mtsikanayo amatseka maso.