Kabotolo ka Mafuta a Nazi

Lero nditatsegula mafuta a nazi, aja a kokonati, fungo lake landibwezera pakhonde pathu ku Kawe, kudziko la eni, ndili kamtsikana.

Masana amenewo kunafika kalata yoti agogo, mayi awo a ababa, anamwalira kumudzi ku Malawi, maliro anaika kale. Ababa sanalire. Anapempha amayi kabotolo kawo ka mafuta a nazi, nagoneka gitala pamiyendo, n'kumasula nsambo mpaka zinamvana zokha popanda kupanikiza chala.

Koma m'dzanja mwawo kabotolo kankangogogoda pansambo.

"Njoo, bwera kuno, mwanangu, ugwire ndiwe," anatero. "Usakanikize. Uzingotsetseretsa."

Ndinakoka kabotolo koterera kaja, iwo akumenya nsambo. Gitala inalira ngati mayi wapamaliro. Dontho lofunda linandigwera padzanja.

"Bwerezanso," ananong'ona.